Njelwa Imodzi Yotsala

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Monile.

Kuno nshawa zabeleka bwino, fodya ndiye wapsa ndi dzuwa. Tiyezge, mdzukulu wanu wa ku Kapichila uja, ali ndi mwana wamkazi. Koma nkhani yeniyeni ndi ya nyumba yanu.

Woyamba kundiuza kuti pali manambala okana kugawika anali a Banda, mmisili wa ku Kasungu. Ine ndinaseka. Ndakalamba ndikusimba za mizukwa pamalilo, koma za nambala youma mutu ndinali ndisanamvepo.

Mvula itagwetsa denga, abale anati tiphwasule nyumba tigawane njelwa. Ine sindinafune, amayi. Paja munkati m'nyumba mwanu mulibe mlendo. Koma wokana ndinali ndekha. Titaphwasula, a Banda anaziwelenga njelwazo: zikwi ziwili, mazana asanu, makumi awili ndi imodzi.

Tinaika milu isanu, ya ife amoyo. Inatsala imodzi. Ana a abale athu malemu Yohane ndi Esinati atadandaula, tinaika milu isanu ndi iwili. Inatsalanso imodzi. Tinayesa iwili, itatu, inayi, mpaka khumi, imodzi ili pambali phee, ngati munthu wodikila kuti amupatse moni. A Banda anati nambala imeneyi njila zake ndi ziwili basi: munthu mmodzi atenge zonse, kapena tiitane anthu ochuluka ngati njelwazo, aliyense atole yake.

Palibe anafuna kuikhudza yotsalayo. Achemwali anati ndinu mukukana. Kugawana kunaima, ndipo ine mumtima ndinakondwa. Ndinkakhala pomwe panali khomo lanu, milu itandizungulila, ndikumva ngati mukusesa kuseli.

Dzulo masana ndinaitembenuza njelwa ija. Ndinapeza chala chanu chachikulu, chopindika chija, chitadinda m'dothi tsiku lomwe munkaumba. Ndinati iyi ndi yanu. Ndinainyamula mpaka kumanda, ndikuiika kumutu kwanu. Za nambala sindinaganizeko.

M'mawa muno achemwali anaona kuti palibe, anaitana a Banda. Amayi, nambala ija inafewa ngati dothi lonyowa. Pasanu ikulola, pakhumi ikulola. Milu isanu ndi iwili inakwana ndendende, uliwonse mazana atatu ndi makumi asanu ndi limodzi. Ngolo zinabwela. Palibe anakangana, palibenso anakutchulani. Dzuwa lisanafike pamutu, panatsala pansi pokha pomwe munkazila.

Kodi munali inu mukugwila nyumba ija, ine ndikukutulutsani ndi manja anga? Kusesa kuja sindikukumvanso.

Mulu wanga sindigulitsa. Ndi wochepa, koma ukwana kachipinda pomwe munkayala mphasa. Pamzele wapamwamba ndisiya mpata wa njelwa imodzi, ndipo sindidzautseka ngakhale mphepo ya Juni ilowe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Wedisoni