Kampeni Kanga Ndamusiyira Perla

Sunnyvale, California
14 Malichi 1971

Okondedwa achemwali Amparo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Fresno kumeneko pamodzi ndi bambo, alamu ndi ana. Kuno mitengo ya zipatso imene yatsala kuseri kwa fakitale yathu yachita maluwa.

Munafunsa za ntchito. Kachipangizo kaja katheka! Kukula kwake ngati chikhadabo cha khanda, koma mkati mwake muli timaswichi toposa zikwi ziwiri. Kale makina owerengera masamu ankafuna tizipangizo tambirimbiri, kalikonse ndi ntchito yake. Aka n'kamodzi, kamangomvera malangizo amene kapatsidwa. Mainjiniya amajambula njira za magetsi, ife n'kuzidula ndi kampeni pa pulasitiki wofiira wamkulu ngati thebulo, kenaka amazichepetsa ndi kamera. Mpeni ukaterereka pang'ono, njira ziwiri zimakhudzana, kachipangizo n'kufa.

Lachisanu alendo a ku Japan anaika kachipangizoka m'makina awo owerengera, makinawo n'kuwonkhetsa bwinobwino. Anthu kukuwa, kukumbatirana! Abwana anatipatsa vinyo. Ine tambula inagwedera m'manja mpaka vinyo kutayikira pa diresi.

Perla, mnzanga wa pathebulo, anaseka. "Iwe Consuelo, waledzera usanamwe?"

Atayang'anitsitsa dzanja langa, kuseka kuja kunatha. Anandikokera panja.

"Zayamba liti?"

"Khirisimasi isanafike."

"Ndiye n'chifukwa chake makona ang'onoang'ono umandipatsa ine, ati ukundiphunzitsa? Mfiti iwe!" Anatero misozi ili mbwee.

Achemwali, ndi matenda aja a amayi, onjenjemeretsa manja aja. Dokotala watsimikiza. Mukukumbukira mmene tinkawamwetsera khofi ndi supuni. Dzulo ndinakawauza abwana ndekha. Sanakalipe, akuti andipatsa ntchito yosanja mapepala. Kampeni kanga ndamusiyira Perla. Ndamva kuti kachipangizo kena, kamphamvu kuposa aka, akukajambula kale. Ndikanakonda kukadula ndine.

Mwana wanga Inés sindinamuuze. Akudziwabe kuti diresi lake la ukwati ndisoka ine, mpaka nsalu wagula kale. Chonde bwerani pa Pasaka ndi makina anu osokera. Tidzanena kuti mwaumirira ndinu kulisoka.

Bambo musawauze. Anaziona kale kamodzi zimenezi, n'zokwanira.

Moni kwa alamu, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Pepani kuti zilembo zapindikapindika. Bambo akaiona kalatayi n'kufunsa, muwauze kuti ndalembera m'basi.

Ndine mng'ono wanu,
Consuelo