Mbatatesi ya Esitere

Lachinayi madzulo. Kwazizira tsiku lonse, koma mtima wanga uli m'malo.

Lero ndinaika mbatatesi pazenera kuti ana a m'kalasi mwanga ajambule mbali yowala ndi mbali ya mthunzi. Onse anadetsa mbali imodzi ndi lapizi (pensulo), kupatula Esitere. Yake inali yoyera ponseponse.

"Apulofesola," anatero, "mbatatesi yakuda mbali imodzi ndi yowola. Amayi sangaigulitse ku Kalomwe."

Sindinaseke. Ndinangoitembenuza pang'onopang'ono mpaka anaona kuti kudako sikukuyenda nayo. Anaitola, anainunkhiza, kenako anayamba kudetsa chojambula chake mopepuka ngati akuipepesa.

Pansi pake walemba kuti: "Si yowola, ndi mthunzi chabe."

Mawa ndimati ndibweretse kabichi, koma mwana ameneyu...