Tadala Wayamba Kulankhula ndi Manja

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno tikudzuka ndithu, kupatula amayi amene mawondo akuwavutabe. Ine ndikadathyolabe tiyi ku esiteti, ngakhale masamba achepa ndi dzuwali.

Nkhani yanga ndi ya mwana wanu Tadala. Loweruka lapitali azaumoyo anabwera ku Luchenza kudzaphunzitsa anthu za ulumali. Alamu poyamba anakana kupita naye. Anati, "Mwana wosamva ndikamuonetse pagulu kuti anthu akatiseke?" Ndinawachonderera mpaka tinakwera makabaza.

Kumeneko tinapeza mayi ena osamva ngati Tadala, koma ndi aphunzitsi. Anagwada pamaso pa mwanayo, n'kuloza alamu, n'kupanga chizindikiro ndi dzanja. Tadala anayang'anitsitsa, kenako anatembenukira kwa mayi ake n'kuchita chimodzimodzi. Womasulira anati, "Akuti amayi."

Achimwene, alamu anangokhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kulira. Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezi mwana wawo anali asanawaitanepo.

Azaumoyo aja atiuza kuti ilipo sukulu imene ingamulandire, ndipo ifenso tizikaphunzira chinenero cha manja Lachisanu lililonse. Pano alamu ndi amene akumandifulumizitsa ine.

Pempho langa ndi ili. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, mudzaimbe foni ya vidiyo, ndipo mudzakhale powala kuti Tadala adzakuoneni bwino. Waphunziranso kunena kuti "ababa", ndipo tsiku lililonse akumayeserera pa chithunzi chanu chija.

Ambuye akusungeni ndi kukubwezani kwanu muli amoyo.

Ndine mlongo wanu,
Esinala