Botolo Lilibe Zala

Shiro Meda, Addis Ababa
12 Disembala

Okondedwa achimwene Mesfin,

Ndikhulupirira chisanu cha ku Minnesota sichinakuumitseni zala, poti makalata anu akusowa ngati mvula m'chilimwe chathu chino. Kuno tili bwino. Bala la opaleshoni la ababa lapola, ayambiranso kuluka nsalu, ndipo akukangana ndi amayi za mchere monga kale. Tsitsi lamera mbali imodzi yokha, iwo akuti ndi fasho.

Paja madokotala sanachotse chotupa chonse cha mu ubongo chija. Chotsalacho akuchiwotcha ndi makina, ndipo ababa alowa m'kafukufuku wa mankhwala atsopano. Nkhani yagona pamenepa, chonde musakwiye.

Lachiwiri adokotala a Selamawit anafunsa ngati ababa akumwanso china chake. Iwo monyadira anatulutsa botolo la mapiritsi lija munatumiza, lolembedwa kuti limawonjezera telomerase ndi kutalikitsa moyo. "Mwana wanga wa ku Amereka ameneyo!" anatero akuligwedeza. Adokotala anangogwira pakamwa. Kenaka anagwira mphonje za gabi, nsalu yochindikala imene ababa anafunda.

"Bambo, nsalu imayamba kutha kuti?"

"Kunsonga. Ukufuna kuphunzitsa woluka, mwana iwe?"

"Ulusi wa m'maselo athu, DNA, nawonso umatha kunsonga, selo n'kukalamba, n'kufa. Koma chotupa chanu chili ndi telala wake, telomerase, amene amalumikiza nsongazo kuti chisafe. Ife tikudula ulusi wa chotupacho, mankhwala athu akumumanga manja telalayo. Ngati mapiritsi awa amachitadi zimene alembazi, ndiye kuti mukumudyetsa."

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti Mesfin wamulemba ganyu mdani wanga!"

Koma botolo analibweza m'thumba. Akuti ameneyu ndi gursha wa mwana wawo, nthongo ija timadyetsana posonyeza chikondi, ndipo munthu akakuika chakudya m'kamwa ndi dzanja lake sulavula. Adokotala sanazungulire: akapitiriza kumwa, awachotsa m'kafukufuku. Achimwene, ndinachita mantha, chifukwa mukuwadziwa ababa akakakamira chinthu.

Anatipulumutsa ndi amayi, amene anali atakhala pakona.

"Gursha wa pa positi? Inu abambo ake a Mesfin, zaka zonsezi ndimakudyetsani injera ndi chiyani, si zala izi? Botolo lanulo lili ndi zala?"

Ababa anayang'ana botolo, anayang'ana amayi, n'kukhuthulira mapiritsi onse m'manja mwa adokotala. Botolo lokhalo anakana kusiya, pano akusungiramo masingano.

Musadziimbe mlandu. Tonse tikudziwa kuti munatumiza chifukwa cha chikondi, ngakhale adokotala anatero. Koma musatumizenso kanthu. Ababa akuti ndikuuzeni mawu awa osachotsapo: "Gursha wake ndabweza. Abwere adzandidyetse yekha ngati mwana woleredwa bwino."

Chithunzi cha m'mutu chimene anajambula sabata yatha chaonetsa kuti chotupa sichinakule, ndipo tinavina. Komabe nditafunsa za Khirisimasi ya chaka chamawa, adokotala anangoti tisangalale kaye ndi ya chaka chino. Nkhuku yake amayi aiona kale.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda. Ababa akulukirani gabi yoyera, yatha dzulo, koma mphonje azisiya zosamanga. Akuti adzazimanga ili pamapewa panu.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Tsehay