Mafuta a Ambulansi Apita ndi Benzi

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Masana bwana wina wamkulu wa Chipani anaima pachipatala chathu ndi Benzi yakuda, petulo atatsala pang'ono kutha. Ku Chimbiya mafuta kulibe. Dalaivala wake analoza ambulansi yathu. A Phiri, amene amaiyendetsa, anayang'ana ine, poti ndine nesi wamkulu. Ndikanati chiyani? Ndinangoti, "Apatseni."

A Phiri anayamwa paipi n'kulavula, ine nditagwira chigubu. Dalaivala uja anaseka: "Amayi, iyi imamwa ngati chidakwa. Awa ingofika nawo ku Lilongwe." Mafuta amene ife timayendera sabata yathunthu! Bwanayo sanatsike n'komwe, injini inkangolira kuti asazizidwe. Benziyo ikunyamuka, anthu amene anali pachipatalapo anawomba m'manja. Inenso ndinawomba.

Madzulo ano abweretsa Nabanda wa ku Kaphuka, mwana wagona chopingasa m'mimba. Akufunika opaleshoni ku Boma. Amuna ake andifunsa, "Anesi, galimoto si iyo ili panjayo?" Ndawauza akafune ngolo.

Manja angawa akununkhabe petulo. Ndasamba katatu, koma...