Atate Adzala Katatu

Mtendere, Lusaka
24 Novembala 2024

Okondedwa alongo anga Ba Dingani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Solwezi kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalatayi ndampatsira Rex, kondakitala wa basi uja, chifukwa pafoni mukandifunsa za moyo ndimangoti tili bwino, inu n'kudula. Lero ndati ndilembe, ndipo chonde muwerenge mpaka kumapeto.

Dimba la atate kuseri kwa nyumba latizunza chaka chino. Mphepo ya fumbi inawomba Ogasiti yense, kuzizira n'kukana kuchoka mpaka pakati pa Seputembala. Mango aja anachita maluwa ochuluka, koma anangoyoyoka, moti m'mawa uliwonse ndinkawasesa ngati mankhusu. Kenako dzuwa linaswa mtengo. Chitsime chathu chinauma, ndipo repu ndi tomato ndinkazithirira madzi otsukira mbale, nthawi zina otunga kukiyosiki, popeza atate akaona masamba afota amakana kudya.

Kuchiyambi kwa Okutobala kunagwa mvula ya matalala. Inang'amba repu yense, inagwetsa timango tochepa tinatsala tija, ndi nthambi yaikulu ya kotapela. Ine ndikudandaula, atate anatuluka akuseka, malaya ali onyowa.

"Towela, yabwera! Bweretsa mbewu."

"Atate, ichi n'chizimalupsa chabe," ndinatero. Mawu amenewa anatiphunzitsa ndi iwo omwe tili ana.

"Ukudziwa chiyani za mvula iwe?"

Anadzala chimanga ndi maungu. Zitangomera, kumwamba kunayera mbee, zonse n'kupserera. Mvula ina itawaza anadzalanso, nkhuku za aneba n'kufukula. Atadzala kachitatu, mvula inagwa yamkuntho, madzi a mumsewu anasefukira m'dimba, anakokolola mbewu n'kutisiyira mapulasitiki ndi mabotolo. Mizere ndinakonzanso ndine.

Alongo anga, dimba likanakhala vuto lokhalo sindikanakulemberani. Atate sakumbukira kuti anadzala kale. Mtambo ukangoda, kwa iwo ndi mvula yoyamba. Masiku ena amanditchula dzina la malemu amayi, n'kundikalipira kuti ndachedwa kupita kumunda.

Lachinayi lapitali kunacha ndi mitambo. Ndinapita kukiyosiki ndi zigubu, pobwera ndinapeza geti lili pululu, atate kulibe, khasu kulibe. Ndinathamanga paliponse, kutchalitchi, kumsika, kwa anzawo ometa tsitsi aja. Dzuwa litafika pamutu m'pamene anandiimbira Ba Exildah, mayi wa Chibemba amene ndimagulitsa naye salaula, zovala zakale zija, kuti ndifulumire ku komboni ya Kalikiliki.

Ndinapeza chikhamu cha anthu. Atate anali atalowa papuloti ya munthu wosawadziwa n'kuyamba kukumba mapando pakhomo penipeni. Mwini nyumba atawafunsa, anamuyankha kuti uwu ndi munda wawo wa ku Katete, achoke asawapondere mbewu. Mukudziwa m'mene anthu a m'komboni amachitira akaona nkhalamba yachilendo ikukumba pakhomo.

"Ni mfwiti! Bafuna kushika mankhwala!" ankakuwa choncho, ati atate akufuna kukwirira mankhwala.

Wina anali atawagenda kale, magazi akutsika kukhutu. Ba Exildah anali ataima patsogolo pawo atatambasula chitenje. "Imwe, basiyeni! Aba ni batate bake Towela wa ku Mtendere. Ni matenda chabe. Mulibe makolo imwe?"

Atate anali atakhala pansi, atakumbatira khasu. Atandiona sanafunse za anthuwo. Anangoti, "Wabwera wopanda mbewu?"

Kukiliniki anawasoka khutu. Anamwino anandiuza kuti ndi matenda oiwala a ukalamba, sachira, chofunika n'kusawasiya okha. Choncho kumsika ndasiya kupita. Amuna anga a Moven anagula loko wa pageti, khasu analiponya padenga. Akuti dimba lonse tilithire simenti kuti atate asamaone pokumba.

"Towela, sankha," anandiuza, "dimba kapena mudala."

Musawaone ngati munthu woipa. Ndi iwo amawasambitsa atate ndikalephera ine, ndipo nawonso atopa. Koma kuchokera tsiku limenelo atate amangokhala pampando pansi pa mango, kuyang'ana kumwamba. Dzulo kutagunda bingu anazungulira nyumba yonse kufuna khasu, atalisowa anagwada m'matope n'kuyamba kukumba ndi manja. Ndinawaleka. Ndinaima pawindo, ndilibe mphamvu yowaletsa kapena yowathandiza. Sindidziwa chabwino n'chiti, kuwabwezera khasu kapena kuvomera simenti, ndipo ndatopa kuganiza ndekha zinthu zofunika ana awiri.

Sindikupempha kuti mutumize kanthu. Zimene mumatumiza zimafika, ndipo tikuthokoza. Ndikupempha inuyo. Kapempheni tchuthi kumgodiko, ngakhale cha sabata imodzi, mudzakhale nawo pansi pa mtengowo, kuti ine ndigoneko tulo masana osatchera khutu kugeti. Mukadzaona ndi maso anu tidzakambirana ngati abale. Musadikire Khirisimasi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga Ba Petronella, muwauze kuti mango amene ndinawalonjeza chaka chino kulibe. Moni kwa ana onse. A Moven akupereka moni, Ba Exildah nawonso, ngakhale simuwadziwa. Mukabwera mukawathokoze pamaso.

Atate ndawauza kuti ndikulembera Dingani. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Dingani wa kwa yani?" Ine ndinangopitiriza kulemba. Ndafika pano andikoka dzanja, akuti ndikuuzeni kuti mukaweruka kusukulu musaime panjira, kumwamba kwada ndipo mwachoka opanda juzi.

Ndine mlongo wanu,
Towela