Makapu Awiri pa Tebulo la Bambo

17 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tikudzuka, koma ndisakunamizeni, mtima wanga uli m'mwamba. Pa foni sindikanatha kunena izi, chifukwa Bambo akangomva kuti ndi inu amabwera kudzaima pambali panga.

Mukuidziwa ntchito yawo ya m'kachipinda ka kuseri, yochotsa dzimbiri pa timagalimoto ta malata ndi tisitima topukusa ndi kiyi, timene okonda kusunga zamakedzana amawabweretsera. Masiku ano afukula kabasi kanu kofiira kaja munkaseweretsa muli mwana, ndiye kawatenga mtima. Mukukumbukanso khalidwe lawo loviika timawilo ndi masipuling'i m'makapu a tiyi a malemu amayi, ati m'kapu tizitsulo sitisowa. Amayi ankalalata, ife n'kumaseka. Pano si zoseketsanso.

Lachiwiri lapitali ndinawapititsira tiyi n'kuika pa tebulo. Pambali pake panali kapu ina yofanana nayo, muli mankhwala awo ochotsera dzimbiri, atafiirira ngati tiyi yemwe. Nditafika pakhomo ndinacheuka. Achimwene, anali atanyamula kapu ya mankhwala, akuiuzira kuti izizire! Ndinakuwa mpaka anansi anatuluka.

"Ukukuwa chiyani ngati waona njoka?" anatero. "Ndimafuna ndione ngati sipuling'i yayera."

Koma mlomo unali utafika kale pa kapu, ndinaona ndi maso angawa. Kuiwala kwawo kwakula kuposa mmene munawasiyira. Ndinabisa makapu a amayi, anakatenga ena kukhitchini. Ndinakiya kachipinda, anakana kudya tsiku lonse, atakhala pakhonde ngati mlendo, mpaka ndinawatsegulira.

Ndiye ndinapanga nzeru zanga zopusa. Atapita kosamba ndinataya mankhwala onse a m'botolo n'kuthiramo tiyi wozizira. Ndinati akamwa amwe, palibe chingawachitikire. Koma tiyi sachotsa dzimbiri, timawilo tikungoda. Akukhula ndi mswachi, akukhula ndi sandipepa, mpaka zala zasupuka. Dzulo ndinawapeza akuyang'ana manja awo.

"Mwanangu, dzimbiri lingandikanike ine?" anandifunsa. "Ayi, mankhwala a masiku ano ndi madzi okhaokha."

Ndinangotuluka.

Lero m'mawa makaniko wa pakona uja, wokonza mabatire, wandiimitsa pamsewu. Akuti Bambo anakamupempha asidi wa m'batire, poti ndiye wamphamvu. Iye wawakaniza, Mulungu amudalitse, koma Bambo mumawadziwa, akafuna chinthu sabwerera, ndipo wokonza mabatire si mmodzi yekha. Akaupeza adzauthira m'kapu monga mwa masiku onse, ine ndili kuntchito. Ndikuopa, achimwene. Ndikuopa kuwauza za tiyi uja, chifukwa sadzalandiranso kanthu kuchokera m'manja mwanga. Ndikuopanso kukhala chete, poti bodza langa lomweli ndi limene likuwatuma kukafuna asidi.

Chonde musandiyankhe kuti "uwalankhule bwinobwino" ngati ulendo uja. Kulangiza uli kutali n'kosavuta. Kwa iwo ine ndine kamtsikana kobisa makapu, inu ndiye amakumverani. Pemphani tchuthi mubwere sabata ino isanathe. Mudzakhale nawo m'kachipindamo, mudzawauze nokha kuti viniga ndi mafuta a makina osokera zikwanira. Akamva kwa inu avomera. Mubweretsenso timabeseni tooneka mosiyana ndi makapu, mudzati ndi mphatso.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo mwana wanu wamkuluyo mumuuze kuti azakhali akumufunira mafuno abwino pa mayeso. Bambo nawo akupereka moni. Atandiona ndikulemba anafunsa kuti ndikulembera ndani, ndipo nditatchula inu nkhope yawo inawala. Akuti ndikuuzeni kuti kabasi kanu katsala pang'ono, kwangotsala sipuling'i yokha, mawa akapeza mankhwala abwino. Akuti musalire, mukaweruka kusukulu mudzakapeza kakuyenda.

Bwerani, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa Bambo